Ndiyambire pa Veilguard kapena ndibwerere ku Origins? Mmene mungalowere mu Dragon Age ngati ndinu watsopano

Anthu akaona zithunzi za Dragon Age: The Veilguard, gemu yokongola ija inatuluka pa 31 Okotobala 2024, funso limakhala limodzi lomwelo, kodi ndingolowa pomwepa kapena ndiyambe kaye akale aja? Ine yankho langa ndi loti ngati mpata ulipo musayambire pa Veilguard, ndipo ndifotokoza chifukwa chake bwinobwino. Koma ndikudziwanso kuti si aliyense ali ndi makina, nthawi ndi bando yosewerera magemu anayi motsatizana, ndiye ndikuuzaninso mmene mungalowere pakati kapena kumapeto koma osasochera.

Tiyambe ndi kudziwa zomwe zilipo. Dragon Age ndi ya kampani ya BioWare ya ku Edmonton ku Canada, yofalitsidwa ndi EA, ndipo magemu akuluakulu alipo anayi. Origins inatuluka mu Novembala 2009, Dragon Age II mu Malichi 2011, Inquisition mu Novembala 2014, kenako panadutsa pafupifupi zaka 10 kuti Veilguard ibwere. Onsewa amachitikira mu dziko limodzi lotchedwa Thedas, dziko la anthu, ma elf, ma dwarf, ma qunari aatali a nyanga aja, amatsenga, zinjoka ndi ndale zoopsa. Gemu iliyonse mumasewera munthu watsopano, mu Origins ndinu Grey Warden (wa gulu lolumbira kulimbana ndi zilombo zotchedwa darkspawn), mu yachiwiri ndinu Hawke, mu yachitatu ndinu Inquisitor, mu Veilguard ndinu Rook. Apa ndi pomwe anthu ambiri amanamizika, amati poti munthu wake ndi watsopano ndiye kuti nkhani nayonso ndi yatsopano. Ayi ndithu. Munthu amasintha koma nkhani ya dziko lonse ndi chingwe chimodzi, ndipo Veilguard ndiye pomwe chingwecho akuchimanga mfundo.

Funso loti muzidzifunsa pa siriz iliyonse

Musanagule gemu yatsopano ya siriz iliyonse ya RPG (magemu omwe mumasewera ngati munthu wa mu nkhani), funsani chinthu chimodzi basi: kodi gemu imeneyi ikuyamba nkhani yake kapena ikumaliza nkhani ya ina? Nambala ya pa chikuto isakuopsezeni. Final Fantasy XVI ya 2023 mutha kuyisewera osadziwa chilichonse cha magemu 15 a m'mbuyo chifukwa iliyonse ya manambala ija ili ndi dziko lake ndi anthu ake. Skyrim ya 2011 ndi yachisanu mu The Elder Scrolls koma nkhani yake ikuchitika zaka 200 pambuyo pa Oblivion, palibe amene angakufunseni za kale. Baldur's Gate 3 ya Larian nayonso ili zaka zoposa 100 pambuyo pa yachiwiri, anthu ochuluka zedi analowera pomwepo ndipo anasangalala. The Witcher 3 ili pakatikati, Geralt ndi yemwe uja, Yennefer ndi Ciri ali ndi mbiri yaitali, koma gemu imakugwira dzanja mokwanira moti umatha kutsatira.

Veilguard siili m'gulu limeneli. Ndime ikubwerayi ikuulula pang'ono za Inquisition, ndiye ngati mwaganiza kale zoyambira kumeneko idumpheni, mupitirize pa mutu wotsatira.

Veilguard imatseguka mu mzinda wa Minrathous usiku, ziwanda zili mbwee m'misewu, inu ndi anzanu Varric ndi Harding mukuthamangira kukaletsa Solas amene akufuna kugwetsa Veil, chinsalu chimene chimalekanitsa dziko la anthu ndi dziko la mizimu. Kwa munthu watsopano Solas ndi elf wadazi woyankhula mwaulemu amene wakonza zoopsa, basi. Koma kwa amene anasewera Inquisition, Solas ndi mnzake amene anayenda naye maola ambirimbiri, amene anamupulumutsa dzanja tsiku loyamba lenileni, amene ankamupeza akujambula pa khoma ku linga la Skyhold nkumacheza naye za maloto ndi mizimu, ena mpaka anagwa naye m'chikondi. Varric akamayesa kumunyengerera kuti asiye, munthu wakale mtima umawawa, watsopano amangodikira kuti ndewu iyambe liti. Zili ngati kufika pa bwalo la amfumu mlandu utatsala pang'ono kugamulidwa, chigamulo muchimva ndithu koma simudziwa chifukwa chomwe mayi uja akulirira. Ndipo choipa kwambiri nchakuti chinsinsi chachikulu cha Inquisition, choti Solas ndi ndani kwenikweni, Veilguard imachinena mu mphindi zoyambirira, ndiye mukadzabwerera m'mbuyo kudabwa kuja simudzakupezanso.

Yang'anani kaye makina anu

Apa tisanamizane, nthawi zambiri makina ndi amene amagamula. Veilguard imayenda pa PS5, Xbox Series X ndi S, ndi PC yamphamvu yokha, pa PS4 palibe. Pa PC imafuna RAM ya 16 GB, khadi ya magirafiki ngati GTX 1650 kupita m'mwamba, ndi malo okwana 100 GB. Taganizani 100 GB pa bando yogula, ndiye magetsi azime daunilodi ili pakati. Origins ndi gemu ya 2009, laputopu zambiri za kaunjika zomwe anthu amagwiritsa ntchito ku koleji zimayinyamula, malo imafuna cha m'ma 20 GB. Dragon Age II ndi yaing'ono kuposa pamenepo. Inquisition imafunako mphamvu koma osati zoopsa, PC ya magemu ya zaka zingapo zapitazo imayendetsa bwinobwino.

Ngati muli ndi Xbox One kapena Series muli pabwino chifukwa Origins ndi yachiwiri za Xbox 360 zimasewereka pamenepo. A PlayStation ndi amene muli pa vuto, Origins ndi Dragon Age II zinatuluka pa PS3, ndipo madisiki a PS3 salowa pa PS4 kapena PS5. Ndiye wa PS4 kapena PS5 khomo lake lenileni ndi Inquisition, ya PS4 imaseweredwanso pa PS5 popanda vuto.

Pa nkhani yogula, magemu akalewa amatsika mtengo kwambiri nthawi ya maselo a Steam, sitolo ya magemu a PC ya pa intaneti, ndiye ndi mmene forex ikuvutiramu kudikira selo si manyazi. Origins Ultimate Edition ilinso pa sitolo ina yotchedwa GOG, ndipo ubwino wa GOG ndi woti amakupatsani fayilo yoikira gemu popanda intaneti, mutha kukadaunilodira komwe kuli Wi-Fi, kuika pa fulashi, kukaika pa kompyuta kunyumba. Chinanso, magemu onsewa ndi a m'Chingerezi ndipo amayankhula kwambiri, ena ndi kalankhulidwe kovuta kumva ngati ka anthu a ku Orlais, ndiye chinthu choyamba mukatsegula pitani ku ma setting mukayatse ma subtitle.

Njira yomwe ndimalimbikitsa: kuyambira pa Origins

Ngati muli ndi PC ngakhale yofooka, yambirani apa. Magirafiki ake ndi akale zoona, mitundu yake ndi yotuwa, anthu amayenda ngati aumitsidwa, ndipo munthu wanu sayankhula mokweza, mumangosankha mawu pa mndandanda. Koma palibe gemu ina mu siriz imene imakuphunzitsani Thedas ngati iyi, ndipo imachita zimenezi osakulalikirani, imakuponyani mkati basi.

Dzina loti Origins likuchokera poti pali zoyambira 6 zosiyana ndipo mumasankha chimodzi. Mutha kukhala mwana wa banja lolemekezeka la Cousland, wamatsenga wotsekeredwa mu nsanja ya Circle, elf wa m'tchire wa fuko la Dalish, elf wa m'tauni wokhala ku malo osauka otchedwa alienage, dwarf wa ku banja lachifumu ku Orzammar, kapena dwarf wopanda fuko amene amamuona ngati si munthu. Chilichonse chimatenga ola limodzi kapena awiri, kenako Duncan, mtsogoleri wa ma Grey Warden, amakutengani kukakhala Grey Warden ndipo nonse mumakumana ku Ostagar. Ngati cholinga chanu ndi kudzafika ku Veilguard, ine ndingati sankhani wamatsenga kapena elf, chifukwa nkhani ya matsenga ndi nkhani ya ma elf ndi zimene zimakula mpaka kumapeto. Elf wa m'tauni makamaka, zomwe zimachitika tsiku la ukwati wake zimakusiya uli ndi mkwiyo weniweni, ndipo kuyambira pamenepo ukamva munthu akunyoza ma elf umadziwa kulemera kwake.

Ndewu za Origins si zongodinadina batani. Muli ndi gulu la anthu anayi ndipo onse mutha kuwalamula. Pa PC batani la space limaimitsa gemu, muzilidina pafupipafupi, muone amene magazi akumuthera, muuze wankhondo atseke khomo, wamatsenga aumitse adani ndi chisanu, kenako mupitirize. Pali tsamba lotchedwa Tactics pomwe mumalemba malamulo oti anzanu azitsatira okha, mwachitsanzo moyo ukatsika kufika theka amwe mankhwala, kapena wochiritsa akaona mnzake wafooka amuchiritse. Anthu ambiri atsopano salitsegula nkomwe tsambali ndiye amati gemu ndi yovuta, chonsecho mphindi 10 pamenepo zimasintha zonse. Ndipo ngati zikukanikabe tsitsani difikoti muike pa Easy, mwabwerera nkhani inu, palibe amene akukulembani mayeso. Batani la Tab limaonetsa zinthu zonse zotoleka m'chipinda, F5 imaseva msanga, ndipo ndi magetsi athuwa F5 akhale mnzanu wapamtima.

Chinthu chimodzi chomwe simuyenera kuphonya. Mukachoka ku Ostagar mumafika pa mudzi wa Lothering, wodzaza ndi anthu othawa nkhondo. Lowani mu bala ya m'mudzimo, mukapeza mayi watsitsi lofiira wovala za tchalitchi, ameneyo ndi Leliana, mutengeni. Kunja kwa mudzi kuli chimunthu chachitali chotsekeredwa mu khola lachitsulo, ameneyo ndi Sten, pali njira yomutulutsira. Malizani zonse za ku Lothering musanapite patali chifukwa pambuyo pake mudziwo umaonongedwa ndi ma darkspawn ndipo simungabwererenso. Leliana ndi wofunika kwambiri mu Inquisition, ndiye kumudziwa kuyambira pomwe ankaimba nyimbo pa moto wa pa kampu kumapanga kusiyana kwakukulu. Mukatero gemu imakumasulani kuti mupite kulikonse, ine ndingati yambani ndi nsanja ya Circle chifukwa kumeneko mumapeza Wynne, gogo wamatsenga wochiritsa amene amapepusa ndewu zonse zotsala. Kumeneko kulinso chigawo chachitali cha ku Fade, dziko la mizimu ndi maloto, chomwe mumayenda nokha nkumasanduka mbewa ndi zina, anthu ambiri chimawatopetsa, pirirani chimatha. Orzammar ndi njira zake za pansi pa nthaka zotchedwa Deep Roads muzisiye cha kumapeto gulu litalimba.

Ndipo chonde muzicheza ndi anzanu pa kampu. Alistair, Morrigan, Zevran, Oghren, onsewa amatsegula mtima pang'onopang'ono mukamawafunsa ndi kuwapatsa mphatso zoyenera. Morrigan amaonekanso mu Inquisition ndi mu Veilguard, ndiye mtsikana wamwano wa ku dambo uja mukadzamuona atakula mudzamvetsa kutalika kwa ulendo wake.

Chenjezo la a PC: Origins pa makompyuta amakono imakonda kudzitsekera yokha, makamaka mu mzinda wa Denerim komwe kuli anthu ambiri. Chifukwa chake nchakuti ndi pulogalamu yakale ya 32-bit imene imalephera kugwiritsa ntchito memori yambiri. Osewera anapanga kokonzera kotchedwa 4GB patch, sakani dzina limeneli, kamathandiza kwambiri, komanso kutsitsa ma texture kuchoka pamwamba penipeni kumachepetsa vutoli.

Dragon Age II, mwachidule

Iyi inatuluka patangopita miyezi 16 kuchokera pa Origins ndipo kufulumirako kumaoneka, phanga limodzi lomwelo mulowamo kambirimbiri atangotseka makomo ena, adani amangotsika kuchokera kumwamba gulu ndi gulu. Koma ndi yaifupi, ndipo nkhani yake ndi yabwino kuposa mbiri yake. Hawke ndi wothawa nkhondo wochokera ku Lothering komwe kuja, amafika ku Kirkwall alibe kalikonse, ndipo mumamuona akukwera kwa zaka zingapo mzinda ukuwira pakati pa amatsenga ndi ma Templar, asilikali a tchalitchi owalondera. Apa ndi pomwe mumakumana ndi Varric, ndi iyeyo amene akufotokoza nkhani yonse kwa Cassandra, mayi wankhondo wa tchalitchi amene akumupanikiza ndi mafunso. Ngati sevu yanu ya Origins ili pa makina omwewo gemu imakulolani kuitenga. Nthawi ikachepa iyi ndi yomwe mungadumphe, kungoti onerani chidule chake pa YouTube, ndipo ngati mukuisewera musasiye DLC (gawo lowonjezera la gemu) ya Legacy chifukwa mdani wamkulu wa Inquisition amayambira mmenemo.

Njira yapakati: Inquisition kenako Veilguard

Kwa anthu ambiri iyi ndiye njira yanzeru, ndipo kwa a PS5 ofuna kuyambira m'mbuyo ndi yokhayo. Inquisition inapata mphoto ya gemu yabwino ya chaka pa The Game Awards mu 2014, mpaka lero ikuonekabe bwino, ndipo ndi imene ikulumikizana ndi Veilguard mwachindunji.

Gulani ya Game of the Year Edition, musalakwitse apa. Chifukwa chake ndi DLC yotchedwa Trespasser ya mu Seputembala 2015, imene kunena zoona ndiye mathero enieni a gemu ndipo ndiye mlatho wopita ku Veilguard. Amene anasewera Inquisition popanda Trespasser anaima nkhani isanathe. Dziwaninso kuti Trespasser sinatuluke pa PS3 ndi Xbox 360, ndiye ngati mwapeza disiki ya makina akale amenewo mukhala mukusowa gawo lofunika. Muisewere pomalizira penipeni mutamaliza zonse, chifukwa mukailowa kubwerera ku mapu akale kulibe.

Pa zisankho za magemu awiri oyamba, Inquisition siitenga sevu, imagwiritsa ntchito webusaiti ya Dragon Age Keep komwe mumasankha zomwe zinachitika kale, ndani anakhala mfumu ya Ferelden, ndani anafa, ndani anakwatira ndani. Ngati ndinu watsopano musadzivutitse nazo, gemu ili ndi mbiri yake yokonzeratu ndipo imayenda bwinobwino.

Langizo lalikulu la Inquisition, limene osewera akale amauza aliyense, ndi loti tulukani mu Hinterlands. Ili ndi dera loyamba lalikulu limene gemu imakupatsani, ndi lokongola, mapiri, mafamu, zimbalangondo, ndipo ladzaza ndi tintchito tating'onoting'ono, kutolera nyama ya nkhosa za m'tchire, kubweza chiweto chosochera, kutseka ming'alu ya mlengalenga. Munthu watsopano amaganiza kuti ayenera kumaliza zonse asanapite kwina, amatha maola 20 mmenemo, amatopa nkuisiya gemu asanaone nkomwe Skyhold, linga lomwe limadzakhala kunyumba kwanu. Musatero. Mukangopeza mapointi a Power okwanira kupita ku Val Royeaux, pitani, nkhani iyende. Hinterlands siithawa, mudzabwerera muli amphamvu, komanso muli chinjoka mmenemo chimene pa levo yoyambirira chimakupsereza usanatulutse nkomwe lupanga. Gemu yeniyeni imayamba pambuyo pa zomwe zimachitika ku Haven, ndipo mukafika pomwe anthu otopa akuimba limodzi pa chipale chofewa mudzadziwa kuti mwalowa.

Pa War Table, tebulo la mapu lokonzera nkhondo, pali ntchito zomwe mumatuma alangizi anu Cullen, Leliana kapena Josephine ndipo zimawerenga nthawi yeniyeni ya pa wotchi, ndiye musanazimitse makina atumeni ntchito zazitali, mawa mukapeza zatha. Pa anzanu oyenda nawo, sankhani amene mukufuna koma Solas ndi Varric muziwatenga kawirikawiri ndipo muzipita kukacheza nawo mukabwera ku ulendo uliwonse waukulu. Scout Harding amene amakulandirani pa dera lililonse latsopano musamangomudutsa, mu Veilguard ndi mmodzi wa gulu lanu. Dorian nayenso mumumvetsere akamakamba za kwawo ku Tevinter, chifukwa kumeneko ndi komwe mukupita mu Veilguard. Ndipo ngati mulibe maganizo ena pa mtundu wa Inquisitor, elf amapeza zokambirana zambiri zokhudza milungu yakale ya ma elf, zomwe ndi msana wa Veilguard.

Ngati mwatsimikiza kuyambira pa Veilguard

Pali anthu omwe ndingawauze kuti lowani pomwepo osadandaula. Ngati mumakonda ndewu zachangu ngati za God of War, kuzemba, kutchinga, kumenya, ndipo mukudziwa mumtima mwanu kuti gemu yakale yoimitsaimitsa muisiya pa tsiku lachiwiri, kuli bwino musewere Veilguard kusiyana ndi kusasewera Dragon Age nkomwe. BioWare inaipanga ikuganizira anthu atsopano, nchifukwa chake inasamukira kumpoto kwa Thedas komwe magemu akale sanafike kwenikweni, Minrathous, Treviso, nkhalango ya Arlathan, Rivain, manda aakulu a ku Nevarra. Siigwiritsa ntchito Keep, ndipo kuchokera ku magemu onse atatu imangotenga zisankho zitatu, zonse za Inquisition: Inquisitor anakondana ndi ndani, gulu la Inquisition linathetsedwa kapena ayi, ndi zomwe Inquisitor analonjeza kuchita ndi Solas. Osewera akale ambiri zinawapweteka zimenezi ndipo ine ndili mbali yawo, zaka zonse zija munthu ukusunga zisankho zako nkungozisiya panja. Koma kwa inu watsopano zikutanthauza kuti palibe khomo lomwe latsekedwa chifukwa mulibe sevu yakale.

Musanayambe, patulani ola limodzi muonere chidule cha Inquisition ndi Trespasser pa YouTube, makamaka kukumana komaliza kwa mu Trespasser. Muzilowa mukudziwa zinthu zochepa izi. Fade ndi dziko la mizimu ndi maloto, komwe amatsenga amatenga mphamvu zawo. Veil ndi chotchinga pakati pa Fade ndi dziko la anthu. Blight ndi matenda oola amene amabwera ndi ma darkspawn, ndipo ma Grey Warden ndi gulu lolumbira kulimbana nawo mpaka imfa. Tevinter ndi dziko lolamulidwa ndi amatsenga komwe ukapolo ulipobe, pomwe kummwera amatsenga ankatsekeredwa nkumalonderedwa ndi ma Templar. Evanuris ndi amene ma elf amawapembedza ngati milungu, ndipo awiri mwa iwo, Elgar'nan ndi Ghilan'nain, ndi amene mulimbane nawo. Mukagwira zimenezi zina zonse muzitolera m'njira, mu gemu muli Codex yofotokoza mayina, muziitsegula mukamva liwu lachilendo.

Popanga Rook wanu mumasankha kalasi, wankhondo, rogue (wa mipeni ndi uta) kapena wamatsenga, komanso gulu lomwe akuchokera mwa magulu 6: Grey Wardens, Shadow Dragons, Antivan Crows, Veil Jumpers, Lords of Fortune ndi Mourn Watch. Kwa watsopano ine ndimati Grey Warden, chifukwa nkhani ya Blight ili paliponse mu gemuyi ndipo Rook wa gulu limeneli amakhala ndi zonena zambiri, mumamva kuti nkhondoyi ndi yanu. Pa sikirini yomweyo pali kagawo kopangira Inquisitor ndi kuyankha mafunso atatu aja, nkosavuta kukadutsa osakaona, ndiye yang'anitsitsani musanadine kuti mwamaliza. Za maluso musaope kulakwitsa, mutha kubweza mapointi anu nkuwaikanso mwina nthawi ina iliyonse osalipira.

Mu ndewu mumayenda ndi anzanu awiri okha osati atatu ngati kale, simungawasewere mwachindunji, mumangotsegula gudumu la maluso limene limaimitsa gemu nkuwauza chochita, ndipo iwowo sagwa pa ndewu, adani ambiri amathamangira inuyo. Chinsinsi chake ndi kuphatikiza maluso, wina aike chilema pa mdani wina aphulitse, gudumu limakuonetsani okha omwe akugwirizana. Difikoti ilipo kuyambira Storyteller ya ongofuna nkhani mpaka Nightmare, ndipo pali ina yotchedwa Unbound yomwe mumasintha chinthu chilichonse pachokha, mwachitsanzo kuchepetsa moyo wa adani ngati mukuona kuti akuchedwa kufa koma osachepetsa mphamvu ya nkhonya zawo. Pa Steam gemuyi siifuna pulogalamu ina ya EA ndipo imaseweredwa popanda intaneti mukangomaliza kuidaunilodi, chomwe ndi chinthu chabwino zedi kwa ife.

Maola oyambirira ndi ofooka, njira ndi yopapatiza, anthu amabwereza kukuuzani zomwe mwangoona kumene, ndipo kalankhulidwe kake ndi kofewa kusiyana ndi nkhanza za Origins. Gemu imayamba kugwira mukasonkhanitsa anzanu onse 7, Harding, Neve, Bellara, Lucanis, Davrin, Emmrich ndi Taash, makamaka mukafika ku nkhondo ya ku Weisshaupt, likulu la ma Grey Warden. Chisanafike chimenecho mudzakumana ndi chisankho cholemera pakati pa mizinda iwiri, Minrathous ndi Treviso, simungapulumutse yonse, ndiye malizani ntchito za m'mizinda iwiriyi zomwe zatseguka musanapitirize nkhani yaikulu chifukwa zina zimatsekeka. Ku Lighthouse, komwe ndi kunyumba kwanu, mukaona chizindikiro pa chipinda cha mnzanu pitani mukamve, ndipo ku Crossroads, dera lomwe mumadutsamo popita ku madera ena, sakani tizifanizo ta mimbulu tomwe timatsegula zikumbutso za Solas, kwa inu watsopano timeneti ndi timene tikupatseni mbiri yomwe munaphonya, ndipo timakhudzanso mathero omwe mungapeze.

Gemu ikadzakuchenjezani kuti mukapitirira apa kubwerera kulibe, imani kaye. Onani ngati mwamaliza nkhani ya mnzanu aliyense mpaka kumapeto ndipo onani mphamvu za magulu 6 aja, zomwe zimakwera mukamawagwirira ntchito ndi kugulitsa katundu kwa amalonda awo. Pa nkhondo yomaliza mudzafunsidwa kutuma anthu ku ntchito zosiyanasiyana, mutume munthu ku ntchito yogwirizana ndi luso lake, wamatsenga ku za matsenga, wakupha mwakachetechete kwa mdani wofunika kuphedwa mwakachetechete, chifukwa amene nkhani yake simunamalize kapena mwamutuma kolakwika akhoza osabwerako. Pangani sevu yapadera pamenepo musanalowe, muipatse malo akeake kuti ma autosave asaifufute.